Fileti ya ng'ombe ndi msuzi wa tchizi: mu uvuni, pambaula kapena m'chiwaya?

Aliyense amene anakulira kuno amalidziwa lamulo la nyama ya ng'ombe: ikani pamoto, thirani madzi, iwire mpaka madzi aphwe, thiraninso ena, ikafewa mukazinge ndi anyezi ndi matimati. Lamuloli silinama pa nganga, pa nthiti, pa mchira ngakhale pa mwendo. Pa fileti pokha ndi pamene limakugwetsani m'mbuna. Fileti ikakhalitsa pamoto siifewa, imauma, ndipo mumatsala ndi nyama yotuwa imene mwaigula modula kuposa ina iliyonse m'butchala koma ikutafunika ngati chingwe cha khonje.

Chifukwa chake chili pamalo pamene nyamayi imakhala. Fileti ndi mnofu wautali umene umagona mkati, kunsi kwa fupa la msana, chakufupi ndi impso. Ng'ombe iliyonse ili nayo iwiri yokha, wina uku wina uku. Ng'ombe ikakoka ngolo ya chimanga kuchokera ku Chiparamba mpaka m'tauni, imene imavutika ndi minofu ya m'khosi ndi m'miyendo, uwu umangogona. N'chifukwa chake ulibe mitsempha yambiri, ulibenso mafuta ambiri. Mu nyama zinazo, mitsempha ndiyo imasungunuka pang'onopang'ono n'kufewetsa nyama komanso kulemeretsa msuzi. Mu fileti mulibe choti chisungunuke, ndiye moto ukapitirira umangofinya madzi ake.

Kusowa mafutako kuli ndi vuto linanso limene ogulitsa sakuuzani: fileti ndi yofewa koma kukoma kwake n'kozizira. Nthiti yowotcha imaiposa kutali. Msuzi wa tchizi umabwera kudzakwirira mpata umenewo, umabweretsa mafuta ndi kamchere kamene nyamayo ilibe. Choncho pali zosankha zitatu apa, kogula, kawotchedwe, ndi msuzi wake, ndipo chimodzi chikalakwika zinazo sizingakupulumutseni.

Kogula

M'masitolo akuluakulu, monga pabutchala ya Zambeef ya mu Shoprite, fileti mumaipeza yoyezedwa kale ndi achipatala cha ziweto, yokhala masiku m'chipinda chozizira, ndipo kawirikawiri imakhala yaikulu bwino, makilo 2 kapena kuyandikira pamenepo. Mtengo wake ndiye woboola m'thumba. M'mabutchala ang'onoang'ono a m'makomboni ndi kumsika, nyama yambiri ndi ya ng'ombe zathu zomwezi za mtundu wa Angoni, zanyanga zazifupi ndi linunda. Fileti yake ndi yaing'ono, nthawi zambiri imangopitirira kilo pang'ono, koma ine imandikomera kuposa ija chifukwa ili ndi fungo la ng'ombe yodya msipu.

Kumeneku muyenera kuyamba kukambirana dzulo lake. Mukafika m'mawa mudzapeza chikwanje chadutsa kale, fileti yasakanikirana ndi mafupa pamulu. Abambo amene ndimagulako tsiku loyamba anandiyang'ana kaye n'kufunsa kuti, "Amayi, mukunena yamkati ija yopanda fupa? Imeneyo mukaphika bwanji, ilibe supu?" Pano amangoitula yathunthu n'kundisungira. Koma nyama yophedwa m'mawa womwewo musaiwotche tsiku lomwelo. Nyama ikangophedwa minofu imakungika, ndipo imafuna masiku 2 kapena 3 mufiriji kuti imasuke. Yang'ananinso chidindo cha oyeza nyama. Ya ng'ombe yofa yokha kumudzi, ngakhale atakutsitsirani mtengo chotani, ithaweni, chifukwa matenda a anthrax amalowera pomwepo.

Mukafika nayo kunyumba, sendani kachikopa kowala ngati siliva kamene kamakuta mbali imodzi. Kameneka sikasungunuka pamoto, kamangokhwinyata n'kupinda nyama yonse. Lowetsani nsonga ya mpeni kunsi kwake, mukokere chammbali ngati mukusenda nsomba. Kumchira kowondako kupindeni, mumange ndi ulusi wa thonje kuti nyama yonse ikhale yonenepa mofanana. Thirani mchere usiku wake, kasupuni ka tiyi kosasefukira pa theka la kilo, muisiye mufiriji yosavindikira kuti kunja kuume. Nyama yonyowa siipsa mofiirira, imangowira m'madzi ake.

Nkhani ya kufiira

Tisanafike pamoto, tithane kaye ndi mlandu umene umabuka patebulo. Fileti yokoma imakhala yofiirira mkati, ndipo kwathu kuno anthu ambiri akaona kufiira amati nyama ikadali yaiwisi. Ine zinandionekera pa Khirisimasi ina. Ndinadula bwinobwino, mkati muli psuu mokongola, apongozi aamuna anayang'ana mbale, n'kuyang'ana mwana wawo, kenako anati, "Auzeni amake mwana abwezere pamoto, magazi sitidya." Ndinabwezera ndili chete, ngakhale mumtima ndinkaseka kuti awa ndi Angoni omwe chaka chilichonse mu February amakhala patsogolo ku Mtenguleni, kumene pa mwambo wa Nc'wala amalasa nkhunzi yakuda Inkosi ya Makosi Mpezeni n'kulawa magazi ake. Koma apongozi sayankhidwa.

Zoona zake n'zakuti timadzi tofiira timeneto si magazi. Magazi amatuluka pophera. Totsalato ndi madzi osakanikirana ndi myoglobin, kanthu kamene kamapatsa mnofu mtundu wake. Chimene chimasintha mtunduwo ndi kutentha kwa pakati penipeni pa nyama. Pa madigiri 52 mkati mumakhala mofiira kwambiri, pa 55 mpaka 57 mofiirira ndi madzi ambiri, pa 63 mumangotsala kufiira kwapatali, ndipo kuyambira 70 kupita m'tsogolo ndi yotuwa ndi youma. Akatswiri a zaumoyo amalangiza 63, kenako nyama ipume mphindi zosachepera 3. Ine pa nyama ya kumsika sinditsika pansi pa 63, chifukwa mu ng'ombe mumatha kukhala timatuza toyera ngati njere za mpunga timene timasanduka njoka za m'mimba, ndipo kutentha kumeneko kumatipha. Amayi oyembekezera, ana aang'ono ndi okalamba apatseni yakupsa bwino. Mwayi wake, fileti yathunthu imakupatsani zonse: kumapeto kumapsa kwambiri, pakati pamatsala pofiirira. Kumapetoko n'kwa apongozi.

Ngati mungathe, gulani themomita yobaya mu nyama, ndi yotchipa poyerekeza ndi fileti imodzi yowonongeka. Ngati mulibe, bayani kampeni kowonda mpaka pakati, muwerenge kufika 10, muzule n'kukhudzitsa kunsi kwa mlomo. Kakakhala kozizira nyama sinapse, kakafunda ngati madzi osambitsira mwana ndiye yofiira, kakatentha koma mukupirira ndiye pamenepo, kakakuotchani mwachedwa.

Mu uvuni: moto waukali kapena wofatsa

Njira imene mabuku ambiri amaphunzitsa ndi yoyamba kukazinga. Chiwaya cholemera chitenthe mpaka mafuta ayambe kufuka pang'ono, mugoneke nyama imveke kuti tswaa, mphindi 2 mbali iliyonse mpaka yonse ifiirire ngati buledi wakupsa bwino. Kenako ilowe mu uvuni wa madigiri 220. Chidutswa cha kilo imodzi chimatenga mphindi 15 mpaka 25, malinga ndi kunenepa kwake. Ubwino wake ndi liwiro, pasanathe ola chakudya chili patebulo, ndipo m'chiwaya mumatsala makoko ofiirira amene ndi chuma cha msuzi. Kuipa kwake n'kwakuti siikhululuka. Mphindi 5 zokha, mwina mwapita kukatsegulira alendo pageti, zimasiyanitsa nyama yabwino ndi youma. Mukadulanso mumapeza mkombero wotuwa wokhuthala kuzungulira kufiira kwa pakati. Muichotse itatsala madigiri 4 kapena 5 kuti ifike pamene mukufuna, chifukwa ikamapuma kutentha kwa kunja kumapitiriza kulowa mkati.

Njira inayo ndi yotembenuza zinthu: uvuni wofatsa poyamba, chiwaya pomaliza. Ikani uvuni pa madigiri 120, nyama ikhale pa kawaya kuti mpweya uzidutsa kunsi, ipse pang'onopang'ono kwa mphindi 45 mpaka ola ndi kuposerapo. Ikatsala pang'ono kufika, itulutseni muikazinge m'chiwaya chotentha kwambiri, mphindi imodzi mbali iliyonse, ndi batala ndi adyo wophwanya. Pa kakomedwe, imeneyi ndiyo mfumu. Mtundu umafanana kuchokera kunja mpaka pakati, madzi satayika ambiri, ndipo ngakhale mutaiwala mphindi 5 palibe chimene chaonongeka.

Koma imafuna magetsi amene simukuwakayikira kwa ola ndi theka. Amene tinadutsa mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumabwera pakati pa usiku ngati mfiti, tikudziwa kuti limenelo si lonjezo laling'ono. Ine inandizimira nyama ili pakati, yofunda koma yosapsa, ndipo nyama yotere siiyenera kukhala ikudikira. Mauvuni ambiri a masitovu athuwanso amanama, mukaika pa 120 ena amathamangira ku 160. Ngati muli ndi uvuni wa gasi ndi themomita, musavutike kuwerenga zinazi, njira yanu ndi imeneyi.

Pambaula

Apa ndiye ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ambiri a ife tili, ndipo mabuku akunja sanenapo kanthu.

Kuika fileti yathunthu pawaya pamwamba pa malasha oyaka, monga tiwotchera michopo, n'kutaya ndalama. Kunja kumapserera mkati musanafunde n'komwe, ndipo popeza ilibe mafuta odziteteza nawo, imauma msanga. Zimatheka pokhapokha ngati muli ndi chowotchera chachikulu cha theka la mgolo, malasha n'kuwaunjika mbali imodzi, nyama n'kuiyamba pamoto waukali kenako kuisunthira kopanda malasha n'kuvindikira. Fungo la utsi limakoma, koma limakangana ndi tchizi, makamaka tchizi chofatsa.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi imene amayi athu amaphikira chigumu ndi keke: moto pansi, moto pamwamba. Pezani mphika wachitsulo wolemera, wa miyendo itatu uja kapena poto wokhuthala wa chivindikiro chachitsulo. Yambani ndi mbaula yodzaza malasha ofiira, dzanja likamalephera kupirira masekondi 3 pamwamba pake. Kazingani nyama mumphikamo mbali zonse, monga mwa njira yoyamba ija. Ichotseni kaye. Yalani anyezi wodula mokhuthala ndi makaroti pansi pa mphika, nyama igone pamwamba pa zimenezi kuti isakhudze chitsulo. Tsopano pungulani malasha a pambaula, ambiri apite pachivindikiro, pansi patsale ochepa, ngati gawo limodzi mwa magawo atatu. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa, amasiya moto wambiri pansi, anyezi amapserera ndipo nyama imatenga kuwawa kwake.

Pakatha mphindi 10 tsegulani mosamala, phulusa lisagweremo, mutembenuze nyama. Pakathanso 8 kapena 10 yambani kubaya. Madzi musathire ngakhale dontho, ngakhale dzanja likuyabwa chotani, chifukwa mukathira ndiye kuti mwayamba kuwiritsa. Malasha a mitengo yolimba amasunga moto mpaka kumapeto, opepuka aja othetheka amafa msanga ndipo muyenera kuwonjezera pachivindikiro. M'miyezi ya mphepo, July ndi August, bisani mbaula kuseri kwa khoma, apo ayi mbali imodzi idzapsa ina ikadali. Koma m'nyumba yotseka musalowe nayo, utsi wa malasha umapha mwakachetechete.

Zotsatira zake zimagwera pakati pa njira ziwiri za mu uvuni zija. Khungu lake silikhala louma kwambiri chifukwa mumphika mumakhala nthunzi, ndiye ngati mukufuna, igubuduzeni mphindi imodzi m'chiwaya chotentha pomaliza. Chimene njirayi imaposera zinzake ndi zimene zimatsala pansi pa mphika: anyezi wofewa ndi madzi a nyama, zimene zikalowa mu msuzi wa tchizi simungazigule m'sitolo iliyonse.

M'chiwaya chokha

Ngati ndi koyamba, kapena odya ndi awiri atatu, musadzivutitse ndi yathunthu. Dulani zidutswa zonenepa masentimita 3 kapena 4, mukazinge mphindi 3 kapena 4 mbali iliyonse. Aliyense amalandira mmene amafunira, cha apongozi chimangokhalitsa pang'ono, ndipo mukalakwitsa mwalakwitsa chimodzi. Chimene mumataya ndi ulemerero woika chinyama chathunthu patebulo n'kumadula anthu akuona. Kwa gulu la anthu 8 kupita m'tsogolo imatopetsa, zoyamba zimazizira mukukazinga zomaliza.

Njira iliyonse imene mwasankha, nyama ipume mphindi 10 isanadulidwe, zidutswa zing'onozing'ono mphindi 5. Mukafulumira, madzi onse amathawira pathabwa. Nthawi yopumayo ndiyo yopangira msuzi.

Msuzi

Tchizi chili ndi khalidwe limodzi loipa: chikawira chimapatukana, mafuta amayandama pamwamba, zotsalazo n'kukhala nsenjerere ngati chambiko chodukaduka. Misuzi yonse ya tchizi ndi njira zosiyanasiyana zoletsera zimenezi.

Wodalirika ndi wa fulawa. Sungunulani magalamu 30 a batala, thirani magalamu 30 a fulawa, mutakase mphindi 2 fungo laufa lichoke koma usafiire. Thirani mkaka theka la lita pang'onopang'ono mukutakasa ngati phala la mwana, kuti pasakhale mibulu. Ukakhuthala, phulani pamoto, ndipo muli pansi pomwepo thirani magalamu 120 mpaka 150 a tchizi chopala, dzanja limodzi limodzi. A ku France amautcha Mornay. Fulawa ndi amene amagwira mafuta kuti asathawe. Mkaka wa ufa wosungunula umagwira ntchito bwino lomwe, majarini amalowa m'malo mwa batala ngakhale kukoma kumatsika. Tchizi chake, Cheddar chokhwima chimaposa Gouda, chifukwa Gouda wamba amasungunuka bwino koma pa nyama ya ng'ombe samveka. Mozzarella isiyireni pizza, imangotamuka ngati ulimbo. Vuto la msuziwu n'lakuti ukakhala wokhawokha umalemera ndipo umakoma ngati wa makaroni. Mankhwala ake ndi kasupuni ka mpiru wa m'botolo uja wotchedwa mustard, tsabola wakuda wambiri, ndi madzi onse a nyama a m'chiwaya kapena a mumphika. Popanda madzi a nyamawo, msuzi ndi nyama zimakhala ngati alendo awiri okhala benchi imodzi osalankhulana.

Wokoma kuposa onse ndi wa kirimu ndi tchizi cha mizere yobiriwira chija, monga Gorgonzola ya ku Italy kapena Roquefort ya ku France yopangidwa ndi mkaka wa nkhosa. Mumakazinga anyezi wodula tosalala m'chiwaya cha nyama, kuthira kirimu mamililita 250, awire mofatsa mpaka akhuthale, kenako n'kunyenyera magalamu 80 mpaka 100 a tchizi moto utachepa. Fulawa safunika. Ukali wa tchizi chimenechi ndi umene fileti imasowa. Koma kuno sichipezeka tsiku lililonse, nthawi zambiri mumachita kutuma wobwera kuchokera ku Lusaka kapena ku Lilongwe, ndipo chikayenda maola ambiri m'basi popanda chozizira chimafika chitatopa. Fungo lakenso si la aliyense. Mlamu wanga ananunkhiza n'kufunsa mwaulemu ngati firiji yathu ili bwino. Kwa alendo amene simukuwadziwa kadyedwe kawo, musayambire pamenepa, ndipo amayi oyembekezera ndi bwino achipewe.

Wachitatu anthu amamuchitira manyazi koma ine ayi: tchizi cha timapepala chija choika m'buledi. Popanga amathiramo mchere wina umene umagwirizanitsa mafuta ndi madzi, choncho sichipatukana ngakhale pambaula pamene moto suumvera. Timapepala 6 mu kapu ya mkaka wotentha, msuzi wapsa m'mphindi 3. Pachokha chimakoma ngati chakudya cha ana ndipo chimaphimba nyama yodula ndi kukoma kotchipa. Ntchito yake yeniyeni ndi kuthandiza chinzake. Timapepala 2 mu msuzi wa Cheddar timausalaza ngati mafuta odzola, ndipo msuzi umene wayamba kupatukana timatha kuubweza mukathirako mkaka pang'ono n'kutakasa mwamphamvu moto uli kutali. Mchere musathire musanalawe, tchizi chilichonse chimabwera ndi wake.

Ndiye titenge ziti?

Wa gasi ndi themomita, uvuni wofatsa ndi msuzi wa kirimu, ngati tchizi chija chapezeka. Wa sitovu ya magetsi, njira yofulumira ija, mbaula ili chiyakire pakhonde kuti zikavuta mungosamutsa. Enafe, mphika wa moto pansi ndi pamwamba, msuzi wa fulawa ndi Cheddar, timapepala tiwiri tili pambali. Ndi zimene ndimaphika ine alendo akakhala olemekezeka, chifukwa palibe chimene chingandizimire pakati.

Podyera, nsima ndi msuzi wa tchizi sizimvana, ndayesapo kawiri. Mbatata ya kachewere yowotcha kapena yoponda ndiyo mnzake, mpunga wa ku Chama nawonso umanyamula msuzi bwino, ndipo pambali pafunika ndiwo zamasamba zowawirako pang'ono, monga repu kapena mpiru wongofutsa wopanda nsinjiro, zoti zizitsuka mafuta m'kamwa. Dulani nyama mopingasa, zidutswa zonenepa ngati chala chachikulu, magalamu 180 mpaka 200 a nyama yaiwisi pa munthu amakwana. Msuzi uikeni m'kambale kake, musaukhuthulire pamwamba pa nyama yonse, chifukwa pakhomo lililonse pali mmodzi amene adzafunsa ngati kulibe supu ya matimati. Kwathu ndi apongozi, ndipo ndimawaphikira kapoto kawo pambali.